Chiwindi chili m'mimba, nanga singano ikukatani pakhosi?

Lamulungu lina posachedwapa, titatuluka m'tchalitchi ku Highfield, kuno ku Harare m'dziko la Zimbabwe, mayi wina wachikulire anandikokera pambali. Mlongo wawo ali gone m'chipatala, mimba yatupa ngati ng'oma, maso achita chikasu. Madokotala auza banja kuti akufuna kutapa kachidutswa ka chiwindi kokapima, koma adzalowera pakhosi.

"Bambo, inu mumawerenga zinthu zimenezi. Chiwindi si chili apa?" anatero uku akugwira pansi pa nthiti. "Nanga kukhosi akukafunako chiyani? Kapena sitinamvane chizungu?"

Ana awo obadwira kuno, amene chiwindi amachitchula m'Chishona kuti chiropa, anali atakangana kale usiku wonse pa WhatsApp, ena akuti asaine, ena akuti amalume atulutsidwe asanawadule khosi. Mayiwo chizungu anamva bwinobwino. Njirayi ilipodi, madokotala amaitcha transjugular liver biopsy, ndipo palibe khosi limene limadulidwa. Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti njira yooneka yoopsayi amaisankhira dala wodwala amene njira yachidule ingamuike pangozi.

Kutapa kachidutswa n'kutani?

Amene anagulitsapo chimanga kudepoti akudziwa zimene ogula amachita. Samasula thumba lonse. Amalibaya ndi kachitsulo kamphako, timaso tingapo n'kugwera m'dzanja, ndipo poona timeneto amadziwa ngati chimanga chauma kapena chalowa anankafumbwe. Mawu akuti biopsy akutanthauza zomwezo m'thupi: kutapa kanyama kochepa kuti katswiri akakaunike pa maikulosikopu. Chiwindi cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi makilogalamu 1.5, pamene kachidutswa kotapidwa n'koonda ngati ulusi wokhuthala, kotalika sentimita imodzi mpaka atatu. Amayerekeza kuti ndi gawo limodzi mwa magawo 50,000 a chiwindi chonse. Ntchito ya chiwindi siichepa chifukwa cha kameneko.

Nanga bwanji osangodalira magazi ndi sikani? Izo zimasonyeza kuti chiwindi chavulala, koma si nthawi zonse zimaloza chimene chachivulaza. Taganizani za munthu amene akumwa mankhwala a TB pamodzi ndi ma ARV, ali ndi kachilombo ka hepatitis B, kale ankakonda botolo, ndipo achibale anamubweretseranso zitsamba zochokera kumudzi. Chiwindi chake chikafooka, mlandu ugwere chiti? Yankho lake limasintha chithandizo chonse. Ngati ndi mankhwala, amasinthidwa. Ngati ndi chitetezo cha m'thupi chimene chaukira chiwindi chake chomwe, amapatsidwa mankhwala ofooketsa chitetezocho, mankhwala amene angakolezere moto ngati vuto lenileni ndi TB yobisala m'chiwindi. Kachidutswako kamaonetsanso kuchuluka kwa zipsera, mafuta, ndi ayironi. Za ayironi anthu a kuno tizizidziwa: kafukufuku wochitika m'midzi ya Zimbabwe anasonyeza kuti mowa wamasese wofululidwa m'migolo yachitsulo umatha kuunjika ayironi m'chiwindi cha anthu ena mpaka kuchiwononga.

Njira yachidule ndi msampha wake

Kutapa chiwindi ndi singano si kwa dzulo. Paul Ehrlich anachita zimenezi ku Germany mu 1883, ndipo mu 1958 dokotala wa ku Italy, Giorgio Menghini, anabweretsa njira yolowetsa ndi kutulutsa singano m'kamphindi kochepa kwambiri. Mpaka lero odwala ambiri amatapidwa choncho: amabaya pakati pa nthiti za kumanja, chiwindi chili pomwepo. N'njira yofulumira ndiponso yotsika mtengo.

Koma chiwindi chili ngati siponji yokhuta magazi, ndipo chakutidwa ndi kachikopa kopyapyala. Singano yochokera kunja imaboola kachikopako. Kwa munthu amene magazi ake amaundana msanga, kabowoko kamatsekeka kokha. Kwa amene magazi saundana, amatayikira m'mimba, mmene palibe angawaone kapena kupsinjapo ndi dzanja.

Apa ndiye pali mfundo imene ndinayesetsa kuti mayi aja aimve. Zinthu zambiri zothandiza magazi kuundana zimapangidwa ndi chiwindi chomwecho. Chikadwala kwambiri, zimachepa. Komanso chikauma ndi zipsera, magazi amabwerera m'mbuyo n'kutupitsa kapamba, ndipo kapambayo amasunga ma platelet, tizigawo ta magazi timene timathamangira kukatseka bala. Ndiye kuti munthu amene akufunikira kwambiri kupimidwa ndi yemweyo amene kumubaya panthiti n'koopsa.

Madokotala amayang'ana manambala awiri. Ma platelet a munthu wabwinobwino amayambira pa 150,000 pa maikulolita imodzi ya magazi. Akatsika kufika pansi pa 50,000, ambiri safunanso kubaya panthiti. Nambala ina ndi INR, yosonyeza nthawi imene magazi amatenga kuti aundane. Kwa munthu wathanzi imakhala pafupi ndi 1, ndipo ikapitirira 1.5 amayamba kuganiza kawiri. Palinso madzi a m'mimba. Akachuluka, chiwindi chimayandama kutali ndi nthiti, moti chikayamba kutaya magazi palibe chochitsamira kuti bala litseke. Mlongo wa mayi aja anali ndi zonse ziwiri, madzi ndi magazi osaundana.

Msewu wochokera pakhosi

Maganizo olowera mkati mwa mitsempha anayamba ndi dokotala Charles Dotter wa ku Portland ku America, amene anayesera pa agalu mu 1964. Pofika 1973, Josef Rösch ndi anzake anali atafalitsa zotsatira za odwala enieni. Choncho si zoyeserera zatsopano. Zaka zapitirira 50.

Mitsempha yobweza magazi kumtima imalumikizana ngati mitsinje, monga Mukuvisi amathira mu Manyame. Mbali zonse za khosi kuli mtsempha waukulu wotchedwa jugular, umene umatsitsa magazi ochokera kumutu. Umathira mumtsempha wina waukulu wa m'chifuwa, umene umalowa m'chipinda chakumanja cha mtima kuchokera kumwamba. Chipinda chomwecho chimalandiranso mtsempha waukulu wochokera kumunsi kwa thupi, ndipo patangotsala pang'ono kuti umenewu ufike mumtima, mitsempha itatu yotuluka m'chiwindi imathiramo. Dokotala amayendetsa kachubu koonda ngati munthu wa bwato: amatsika ndi mtsinje wina kuchokera pakhosi, akafika pokumanira madzi amakwera mtsinje winawo pang'ono, kenako n'kukhotera mumtsempha wa kumanja wa chiwindi. Kawirikawiri amayambira kumanja kwa khosi chifukwa kuchokera kumeneko njira ndi yoongoka, ndipo mitsempha ya chiwindi imatsegukira cham'mwamba, moti wochokera kumtunda amalowamo mosavuta kuposa wochokera m'ntchafu.

Akafika mmenemo amakhala ali kale mkati mwa chiwindi. Singano imatulukira kumapeto kwa kachubuko, n'kuboola khoma la mtsempha, n'kutapa nyama yoyandikana nalo. Kachikopa kakunja sikakhudzidwa. Magazi amene angatuluke pabalalo amatsata njira ya singano n'kugwera mumtsempha momwemo, kupitiriza ulendo wawo wa kumtima. Zili ngati madzi otayikira m'chitsime chimene ukutungamo. Nzeru yonse ya njirayi yagona pamenepa.

Tsiku lake limayenda bwanji

Wodwala amauzidwa kuti asadye kwa maola pafupifupi 6. Amagona chagada m'chipinda cha X-ray, mutu atatembenuzira kumanzere, atalumikizidwa ku makina oonetsa kugunda kwa mtima, BP ndi mpweya. Si opaleshoni yogonetsa tulo tofa nato. Amabaya jakisoni wadzanzi pakhosi, ndipo ambiri amapatsidwanso mankhwala owodzeretsa pang'ono. Nsalu yoyera imaphimba mbali ina ya nkhope, zimene ena zimawatopetsa kuposa singano yeniyeniyo.

Dokotala amaika kachipangizo ka sikani pakhosi kuti aone mtsempha ndi maso, asabaye mongoganizira, popeza pafupi pomwepo padutsa mtsempha wina wopititsa magazi kuubongo. Polowera pake ndi kabala ka mamilimita ochepa. Amalowetsa kawaya kofewa, kachubu n'kutsatira, uku akuonera zonse pa sikirini. Kawayako kakamadutsa mumtima, mtima umatha kudumpha kamodzi kapena kawiri, ndipo wodwala amamva ngati wagunda modukiza. N'chifukwa chake namwino sachotsa maso pamakina aja. Kenako amathira mankhwala ooneka pa X-ray kuti atsimikize kuti alidi mumtsempha woyenera.

Nthawi yotapa ikakwana, wodwala angauzidwe kuti agwire mpweya. Pamamveka kaphokoso kakuti tha, ndipo ena amamva kupweteka kwakanthawi pansi pa nthiti kapena paphewa lakumanja. Amabwereza katatu kapena kanayi, chifukwa singano yodutsa njira yaitali chonchi imayenera kukhala yoonda, ndipo tizidutswa take timakhala tating'ono. Amatiika m'kabotolo ka mankhwala oletsa kuwola, n'kutumiza kulabotale. Kachubu kakatuluka, amapsinja pakhosi kwa mphindi zingapo n'kumata pulasitala. Nthawi zambiri sipafunika kusoka. Zonse zimatenga pakati pa theka la ola ndi ola limodzi, kenako wodwala amapuma pabedi maola angapo anamwino akumuyeza pafupipafupi.

Phindu lina limene njira yapanthiti ilibe

Popeza kachubu kali kale m'chiwindi, dokotala amatha kuyezeratu mphamvu imene magazi akukankhira polowa m'chiwindicho. Magazi onse ochokera m'matumbo amayenera kudutsa m'chiwindi asanapite kumtima. Chikauma, amapanikizana ngati magalimoto pamlatho wopapatiza, n'kuyamba kufuna njira zachidule, makamaka timitsempha ta kummero. Timeneti tikatupa n'kuphulika, munthu amasanza magazi.

Poyeza, amafufumitsa kabaluni kali kunsonga kwa kachubu kuti katseke mtsempha kwakanthawi, n'kuwerenga nambala, akakaphwetsa amawerenganso. Kusiyana kwa manambala awiriwa amakutcha HVPG, ndipo amakuwerenga mu mmHg, muyezo womwe uja wa BP. Munthu wathanzi amakhala pa 5 kapena kutsika. Ikafika 10, ngozi ya madzi m'mimba ndi kutupa kwa mitsempha ya kummero imakula, ndipo kusanza magazi kumachitika kawirikawiri ikafika 12 kapena kupitirira.

Kwa ife amene tinakulira tikusamba m'mitsinje, kaya kumudzi ku Malawi kaya m'mafamu a kuno, pali kanthu kena kosangalatsa kudziwa. Likodzo la m'matumbo limaikira mazira amene amakatseka timitsempha tolowetsa magazi m'chiwindi, chakumtunda kwa malo amene kabaluni kaja kamayeza. Choncho munthu akhoza kukhala ndi kapamba wamkulu, n'kumasanza magazi, koma HVPG yake n'kupezeka yabwinobwino kapena yokwera pang'ono chabe. Dokotala wodziwa za kuno akaona zotere amayamba kuganizira likodzo m'malo mothamangira kunena kuti ndi mowa. Ndi mabanja angati amene anamunenera bambo wawo kuti wadziwononga ndi kachasu, chikhalirecho anali mazira a likodzo la paubwana? Mukafunsidwa ngati munadwalapo likodzo kapena kumene munakulira, musaone ngati funso lopanda pake.

Kuopsa kwake m'manambala

Mu 2007, dokotala wofufuza dzina lake Kalambokis ndi anzake anasonkhanitsa malipoti 64 okhudza ma biopsy apakhosi oposa 7,600. Anapeza kuti ntchitoyi inatheka pa odwala pafupifupi 97 mwa 100 alionse, ndipo tizidutswa tambiri tinali tokwanira kupereka yankho. Mavuto ang'onoang'ono anagwera anthu 6 kapena 7 mwa 100. Mavuto aakulu anagwera pafupifupi 6 mwa 1,000, ndipo mwa akuluakulu omwalira anali 9 mwa 10,000, ambiri chifukwa chotaya magazi, ena chifukwa cha kusokonekera kwa kagundidwe ka mtima. Kwa ana, mavuto anali ochulukirapo.

Manambala amenewa amafuna kuwawerenga mosamala. Sakutanthauza kuti palibe ngozi. Mmodzi mwa 1,000 akakhala amalume anu, chiwerengero sichikutonthozani. Komanso kumbukirani kuti ambiri mwa anthu amenewa anali odwalika kale, amene kuwabaya panthiti kunaonedwa kuti n'koika moyo pachiswe. Ngakhale zinali choncho, zotsatira zawo sizinasiyane kwenikweni ndi za odwala amphamvu otapidwa panthiti.

Mavuto ang'onoang'ono aja ndi monga kupweteka kapena kutupa pakhosi, kutentha thupi kwa tsiku limodzi, kuwawa m'mimba, ndipo mwa apo ndi apo kusasa mawu kapena kugwa chikope kwa maola ochepa chifukwa jakisoni wadzanzi wafika pa minyewa yapafupi. Choopsa kwambiri ndi pamene singano yapitirira n'kuboola kachikopa kuchokera mkati, zimene zimachitika mosavuta chiwindi chikakhala chofota. Magazi angathenso kulowa m'njira za ndulu, kapena singano yapakhosi n'kukhudza nsonga ya phapo mpweya n'kutulukira m'chifuwa, ngakhale kugwiritsa ntchito sikani pobaya kwachepetsa kwambiri zimenezi. Mankhwala ooneka pa X-ray aja amatha kuvutitsa impso zofooka kale, ndipo ena matupi awo sagwirizana nawo. Mayi amene ali ndi pakati, kapena akukayika, anene msanga chifukwa cha cheza cha X-ray.

Pamene njirayi sithandiza

Chachikulu n'chotupa. Singano yapakhosi imatapa nyama imene yayandikana ndi mtsempha. Siingathe kulondola chotupa chimene chili pakona ina ya chiwindi. Imathandiza pa matenda amene afalikira chiwindi chonse. Ngati sikani yaonetsa chotupa chimodzi chimene akuchikayikira kuti ndi khansa, amachibaya mochiloza kuchokera kunja, kapena amachizindikira ndi sikani zamphamvu popanda kubaya n'komwe. Njirayi imalepherekanso ngati mitsempha yapakhosi kapena yotuluka m'chiwindi yatsekeka, kapena ngati m'njira za ndulu muli mafinya.

Kukula kwa kachidutswa ndi nkhani inanso. Akatswiri oyeza zipsera amafuna kachidutswa ka masentimita 2 kapena 3, ndipo chiwindi cholimba chimakonda kutulutsa tonyenyeka. Singano za masiku ano zodula bwino komanso kubwereza kangapo zathandiza, koma zimachitikabe kuti labotale n'kuyankha kuti zimene yalandira zachepa.

Ndiponso anthu ambiri lero safunikira biopsy ya mtundu uliwonse. Makina a FibroScan amayeza kulimba kwa chiwindi kuchokera pakhungu, ndipo pali kawerengedwe kotchedwa APRI kongogwiritsa ntchito zotsatira ziwiri za magazi. Malangizo a bungwe la WHO a 2024 okhudza hepatitis B amalola kuyamba mankhwala potengera njira zosabaya zimenezi. Kungoti FibroScan sigwira ntchito bwino m'mimba mukakhala madzi, ndipo imangonena kulimba osati chimene chalimbitsa. Motero biopsy yapakhosi yatsalira odwala ochepa koma ovuta: amene magazi awo saundana, a madzi ambiri m'mimba, onenepa kwambiri, amene chiwindi chaleka kugwira ntchito mwadzidzidzi popanda chifukwa chodziwika, amene ali pa makina osefa magazi, ndi amene anaikidwa chiwindi kapena mafuta a m'mafupa a munthu wina.

Za banja la kuno

Njirayi imafuna chipinda cha X-ray yoonetsa zinthu zikuyenda, dokotala wophunzira kuyenda m'mitsempha, zipangizo zogwiritsa ntchito kamodzi basi, ndi katswiri wa kulabotale wozolowera kuwerenga chiwindi. N'chifukwa chake ndi yodula kuposa yapanthiti ndipo si chipatala chilichonse chimaichita. Dokotala amene waipempha, kaya mwamuonera ku chipatala cha boma cha Parirenyatwa, ku chinzake chodziwika kuti Gomo kapena kwa madokotala olipiritsa a m'dera la Avenues, ndiye woyenera kukuuzani kumene ikachitikire. Akakupatsani mtengo, funsani ngati walowetsamo za kulabotale, ndipo a medical aid apemphe chilolezo tsiku lisanafike.

Mayi aja ndinawauza kuti asanasaine afunse zinthu ziwiri zokha: chifukwa chiyani pakhosi osati panthiti kwa wodwala wawoyu, ndiponso yankho likabwera lidzasintha chiyani pa chithandizo. Funso lachiwirili ndi lofunika zedi. Ngati yankho lililonse silisintha kanthu, dokotala mwiniwake angaganizenso. Ndinawauzanso kuti atengere kuchipatala mankhwala onse amene mlongo wawo amamwa, makamaka warfarin, aspirin, clopidogrel kapena metformin ngati alipo, osaiwala mabotolo a zitsamba amene timakonda kubisa pansi pa bedi adokotala akamalowa. Asasiye okha mankhwala alionse. Nthawi yosiya ndi yoyambiranso anene ndi dokotala.

Wodwala wotuluka tsiku lomwelo asayende yekha pa kombi (minibasi), asayendetse galimoto mpaka mawa lake, ndipo masiku angapo asanyamule zolemera, ngakhale zigubu za madzi a pachitsime. Pakhosi pangachite kamkwingwirima, sizodetsa nkhawa. Koma akayamba kumva m'mimba kupweteka kowonjezereka, chizungulire, kubanika, kutentha thupi kwambiri, khosi kutupa mofulumira, kusanza magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda bii, abwerere kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana, ndipo akafika anene kuti watapidwa chiwindi tsiku lakuti.

Zotsatira zimatenga masiku angapo, nthawi zina sabata imodzi kapena awiri ngati pakufunika kupaka utoto wapadera wofufuzira ayironi kapena TB. Papepalapo mungaone chilembo cha F ndi nambala. F0 ndiye kuti palibe zipsera, F1 mpaka F3 ndi zipsera zimene zikunka zichuluka, ndipo F4 ndi chiwindi chouma chimene madokotala amati cirrhosis. M'munsi mwake katswiri amalemba chimene akuona kuti chayambitsa, ndipo mzere umenewo ndi umene dokotala wanu adzayambire kuwerenga.